Chidindo cha Simbi pa Jekete ya Wosita

Kuseri kwa siteji ya mabasi kuli malo ochapira zovala, ndipo m'chipinda chake chakumbuyo, momwe mumatentha ngati mu uvuni, mumagwira ntchito bambo wina amene aliyense amangomutchula kuti a Simbi. Dzinali linachokera ku ntchito yawo yosita. Pamene nkhaniyi inkachitika n'kuti ataima pa thebulo limodzimodzilo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, phazi lamanja patsogolo, moti simenti inachita kukumbika pamene ankaponda.

Ntchito yawo ankaidziwa. Suti saisita simbi itakhudza nsalu, ayi. Umayamba wayala kansalu konyowa pamwamba, kenako n'kumadinda mofatsa, osakwekweza, kuti suti isanyezimire kapena kupsa. Wantchito watsopano aliyense ankamva lamulo limeneli tsiku loyamba lisanathe: "Kansalu kaye, simbi pambuyo." Pa zaka zonsezo a Simbi anali asanaotchepo chovala cha munthu, ngakhale kampango.

Koma ntchito imeneyi ili ndi nthenda yake. Tsiku lonse manja ako amasisita nsalu zabwino zimene thupi lako silidzavala. A Simbi nthendayi inawagwira kalekale. Nthawi zina masana, anzawo akapita kukadya, ankatenga jekete ya kasitomala, kuivala, n'kuima pa galasi long'aluka limene linali kuseri kwa chitseko. Kamphindi chabe. Kenako ankaivula, kuisitanso, n'kuibwezera pa hang'ala, mtima ukugunda ngati aba. Jekete yawoyawo inali imodzi, yakuda, imene anavala tsiku la ukwati wawo, ndipo m'zigongono inali itapyapyala moti ukaiyang'ana padzuwa kuwala kunkadutsa.

Kunyumba kwawo, zipinda ziwiri za lendi, kunali akazi awo, amene ankagulitsa zipatso pamsika, ndi mwana mmodzi wamkazi. Mwanayu ali wamng'ono ankayamba kuimba asanasambe n'kumaso komwe, n'chifukwa chake bambo ake anamutcha Kambalame. Ali ndi zaka khumi anadwala kwambiri, thupi kutentha masiku asanu ndi limodzi. Anachira, koma makutu ake anayamba kutsekeka pang'onopang'ono. Nyimbo zija zinachepa, kenako zinatheratu. Makolo poyamba ankayesa mwano.

"Ndakuitana katatu iwe! Makutuwo ndi okongoletsa mutu?" ankatero mayi ake.

Amene anazindikira vutoli anali aphunzitsi ake. Anaona kuti mwanayo ankakhoza zonse zolembedwa, koma ankasowa chonena pa chilichonse chimene iwo alankhula atatembenukira ku bolodi. Kambalame anali ataphunzira yekha kuwerenga milomo ya anthu, osauza munthu. Aphunzitsiwo anamusamutsira pa desiki yakutsogolo, n'kuitanitsa makolo. Kuchipatala anati pali timakina tovala m'makutu tothandiza kumva, koma madokotala ake amabwera kamodzi pachaka. Wobwera ndi ndalama amayezedwa n'kuvekedwa tsiku lomwelo. Wopanda ndalama amadikira chaka chinacho.

Chaka choyamba madokotalawo anabwera n'kupita, ndalama zisanakwane. Chaka chachiwiri sichinali choti chiwadutsenso, chifukwa pambuyo pake Kambalame ankalowa kalasi la mayeso aakulu, ndipo aphunzitsi anali atanena mosabisa kuti mwana sangamalize kalasi limenelo ndi maso okha.

Pamwamba pa kabati panali simbi yakale ya makala, imene a Simbi anayambira nayo ntchito ali mnyamata. M'mimba mwake, momwe kale munkalowa makala, ndimo munkalowa ndalama za makutu a mwana. Kuti zilowe, zambiri zinayenera kusiyidwa. A Simbi anasiya kukwera basi, n'kumalawira kuyenda wapansi. Foni yawo inali yomanga ndi labala. Oyandikana nawo atagula wailesi ya kanema yaikulu ngati chitseko n'kusiya makatani otsegula kuti odutsa aone, a Simbi anayamba kudzera njira ya kuseri. Si kuti sankasirira. Ankasirira ndithu. Kungoti akafika m'nyumba ankayang'ana pamwamba pa kabati, n'kumeza malovu.

Chimene chinkawabaya kwambiri chinali mng'ono wawo. Makolo awo atamwalira, a Simbi ndi amene anamulera, ndipo ndalama zophunzirira kuyendetsa galimoto zinachokera pa thebulo lomwelija losita. Tsopano mng'onoyo ankayendetsa bwana wamkulu wa kampani ina, ankavala masuti, ndipo anali kumanga nyumba. Lachisanu lililonse ankaimika galimoto ya kuntchito pakhomo pa malo ochapira, n'kulowa mpaka kumbuyo, makiyi akuzungulira pa chala.

"Achimwene, mizere ya thalauzayi ikhale yakuthwa, yoti ntchentche ikatera iduke miyendo."

"Inayamba yakhalapo yobuntha?"

"Ndikungokumbutsa. Ukalamba umayamba ndi manja."

Ankaseka, n'kusiya kandalama pa thebulo, ati kogulira madzi ozizira. Kandalamako kankalowa m'simbi ya makala, koma kankatentha m'thumba njira yonse. Za makutu a mwana, a Simbi anamupemphapo kamodzi. Iye anati adzathandiza akamaliza denga. Denga litatha panabwera mawindo, mawindo atatha panabwera matailosi. A Simbi sanapemphenso.

Kutatsala milungu itatu kuti madokotala abwere, mng'onoyo anafika kumayambiriro kwa sabata ndi nkhani yakuti nyumba yatha, ndipo Loweruka kukhala phwando loitsegulira.

"Kubwera abwana anga, kubwera anthu aulemu wawo. Inu ndinu wamkulu pa banja lathu, mukalankhulako mawu. Koma achimwene, chonde, jekete ija muipumitse. Inagwira ntchito yake. Ikanakhala munthu bwenzi ikulandira penshoni."

Antchito ena anaseka. A Simbi nawonso anaseka, maso ali pa nsalu imene ankasita.

Mwini malowo, mayi wina wonenepa wosabisa mawu, anamva zonsezo. Mng'ono uja atatuluka, anapita kumapeto kwa mzere wa zovala n'kutulutsa suti yotuwa. Mwini wake anaisiya miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, osabweranso, ndipo lamulo la pamalopo linali lakuti chovala chikapitirira miyezi isanu ndi umodzi chimagulitsidwa.

"A Simbi, nayi. Imakukwanani ngati munabadwa nayo."

"Mwadziwa bwanji zimenezo, abwana?"

"Mumayesa galasi lija lilibe maso? Ine ndimangokhala chete."

A Simbi anamva nkhope ikutentha kuposa simbi. Sutiyo anali ataivalapo kanayi. Mayiwo anatchula mtengo. Kwa suti yotere unali wotsika, koma unali theka la zonse zimene zinali pamwamba pa kabati.

"Ngongole kwa ine ayi, mukundidziwa. Ndipo pali kalaliki wina akuifuna Lolemba. Ganizani."

"Ndilibe nayo ntchito, abwana," anayankha a Simbi. Koma sabata yonseyo, akakweza maso pa thebulo, ankapeza kuti akuyang'ana kumapeto kwa mzere.

Loweruka m'mawa, atapempha kuti asapite kuntchito, anayala bulangete pa thebulo la kunyumba, n'kutenga jekete yawo yakuda imene anaichapa dzulo lake. Anadziuza kuti munthu amene wakongoletsa masuti a tauni yonse sangalephere kudzutsa jekete imodzi. Anayala kansalu konyowa, anadinda, anachotsa. Nsalu yotopa ija inangogona. Anadindanso. Kolala inakana kuima, mapewa anakana kuwongoka. M'maso mwawo munkabwera mng'ono wawo ataima pakhonde la nyumba yatsopano, mizere ya thalauza yakuthwa, mizere imene anaiika ndi manja awo omwewa. Mtima unawawa. Anakoka kansalu kaja n'kukataya pambali, anawonjezera moto wa simbi, n'kuikhazika pamsana pa jekete, kutsamirapo ndi thupi lonse. Maganizo anapita ku suti yotuwa, mmene imagwirira m'mapewa, mmene nsalu yake ya m'kati imazizirira pakhungu.

Chimene chinawadzutsa ndi fungo.

Pamsana pa jekete, m'munsi mwa phewa lamanja, panali chidindo chofiirira cha simbi yathunthu, nsonga yake ndi timabowo take tonse tikuoneka bwinobwino.

Akazi awo anatulukira kuchipinda atagwira chipeso. Anayang'ana jekete, anayang'ana amuna awo.

"Abambo! Inu? Inuyo kuotcha chovala?"

Kambalame anali pa mpando pafupi ndi khomo, akumanga zingwe za nsapato. Mayi ake anatembenuka kumupatsa msana, ndipo a Simbi nawonso anatembenukira kukhoma. Umu ndi mmene ankachitira akafuna kulankhula zoti mwana asadziwe. Sankafunika kunong'ona. Kubisa milomo kunali kokwanira.

"Pitani mukatenge suti ija," anatero akazi awo.

"Ndi chiyani?"

"Mukudziwa ndi chiyani. Abambo, ine zaka ziwiri ndimadutsa pa sitolo ya nsalu nditayang'ana kumbali. Diresi iyi akazi anzanga amaipatsa moni ngati munthu. Sindinadandaulepo. Koma lero mukaima pamaso pa anthu. Akazi a mng'ono wanu mukuwadziwa pakamwa pawo. Tikhala nkhani chaka chonse."

"Nanga mwana?"

"Kwatsala milungu iwiri ndi masiku. Tidzabwezeramo. Ndigulitsa mpaka Lamulungu."

Onse awiri ankadziwa kuti zimene zinatenga chaka kusonkhana sizingabwerere m'milungu iwiri. Koma pali mabodza ena amene mwamuna ndi mkazi amanyamulira limodzi, aliyense kudikira kuti mnzake ayambe kutula. A Simbi anakwera pa mpando, anatsitsa simbi ya makala, anatsegula chivundikiro chake n'kutapamo. Simbiyo itabwerera pamwamba pa kabati inalira mopepuka.

Malo ochapira anali panjira yopita kwa mng'ono wawo, choncho ananyamuka onse atatu, jekete yopsa itapindidwa pamkono. Loweruka ankaweruka masana, ndipo anapeza makina onse atazimitsidwa, mwini malo yekha akukonzekera kutseka.

"Ndinadziwa ine," anatero mayiwo akuseka. "Kaivaleni tikuoneni, akuluakulu."

Akazi awo anatsala kutsogolo akucheza ndi abwanawo. A Simbi analowa kuchipinda chakumbuyo, n'kuvala. Kwa nthawi yoyamba anavala ndi thalauza lomwe, osathamanga, osamvetsera mapazi a munthu. Anaima pa galasi long'aluka. Munthu amene anamuona mmenemo anali woti akalowa mu ofesi amamupatsa mpando. Mapewa anawongoka okha. Ndalama zinali m'thumba la malaya, pamtima penipeni.

Pagalasipo anaonanso kuti Kambalame walowa. Anali chapatali pang'ono, atawapatsa msana, pa mzere wa madiresi a makasitomala. Ndi nsonga ya chala chimodzi ankakhudza diresi lina lachikasu, mosamala, ngati lingamulume.

"Kambalame, taona bambo ako."

Mwana sanatembenuke.

"Kambalame!"

M'chipindamo munali zii. Panalibe makina olira, panalibe basi yodutsa. Panali mtunda wa mapazi asanu okha pakati pawo.

"Kambalame, iwe!"

Anafuula moti akazi awo ndi abwana anasuzumira pakhomo. Mwana anapitiriza kusisita diresi lija. Chaka chatha, mawu aakulu chonchi akanawamva. A Simbi anazindikira kuti kunyumba anazolowera kumukhudza paphewa kapena kumuimira kutsogolo, moti sanadziwe kuti makutuwo atsekeka kufika pati.

Kenako mwanayo anatembenuka yekha, n'kuwaona. Nkhope yake yonse inawala.

"Ababa! Mwatchena!" Mawu ake anatuluka okwera kwambiri, monga amachitira munthu wosadzimva. Anathamanga n'kugwira mkono wa jekete. "Ndi yanu?"

Anakweza maso n'kuwaika pa milomo ya bambo ake, kudikira yankho. Apa panalibe khoma loti atembenukireko. A Simbi anayang'ana mwana wawo, anayang'ana akazi awo pakhomo. Akazi awo anagwetsa maso. A Simbi anawerama pang'ono kuti milomo ioneke bwino, n'kulankhula mawu amodziamodzi.

"Ayi, mwanawe. Ndi ya eni ake. Ndimangoyesa."

Anavula, anaibwezera pa hang'ala, anawongola mapewa ake monga mwa chizolowezi, n'kuvala jekete yopsa.

"A Simbi, mukupita choncho?" anafunsa abwana. "Bwerekani basi, ine sindinaone."

"Ya kasitomala sinditulutsa pakhomo pano, abwana. Ndipo ndikaivala kumeneko, Lolemba sindidzatha kuibweza. Ndikudzidziwa."

Kuphwando kunali anthu ambiri, mipando yoyera, nyimbo zokweza. A Simbi anakhala kumbuyo, msana kukhoma la mpanda. Akanatha kuvula jekete, koma malaya a m'kati anali ndi chigamba chachikulu kuposa chidindocho. Nthawi yolankhula itakwana anawaitana, ndipo njira yopita kutsogolo inadutsa pakati pa mipando yonse. Kuseka kunayambira kumbuyo n'kumawatsatira.

"Katswiri wadzidinda yekha!" anafuula mnyamata wina wa kuntchito kwa mng'ono wawo.

"Ndi chizindikiro cha kampani chimenecho, musaseke!" anayankha wina.

A Simbi analankhula zimene anakonza. Anathokoza mng'ono wawo chifukwa cha khama, anatchula makolo awo, anadalitsa nyumba. Pojambula zithunzi, akazi a mng'ono wawo anawapempha mwaulemu kuti aime kumapeto. Pambuyo pake mng'onoyo anawakokera kuseri kwa nyumba.

"Achimwene, mwachita dala. Mwafuna abwana anga aone ngati ine sindisamala abale."

"Yapsa m'mawa uno. Si dala."

"Inu kuotcha chovala? Uzani wina zimenezo. Ndi kaduka basi. Nyumbayi yakupwetekani."

A Simbi anafuna kukana, koma m'zimene ananena mng'ono wawo munali kachidutswa koona. Nyumbayo inawapwetekadi. Anayang'ana matailosi onyezimira a pakhonde, n'kungoti, "Ukhalemo bwino, mphwanga."

Pobwerera akazi awo anayenda patsogolo, osalankhula. Masiku atatu m'nyumba munali mawu a ntchito okha, madzi atha, tsekani chitseko. Ndalama zija zinabwerera m'simbi ya makala tsiku lomwelo, ndipo palibe amene anazitchula. Lachisanu lotsatira galimoto ya mng'ono wawo sinaime pakhomo pa malo ochapira. Masuti ake anayamba kupita kwina.

Tsiku la madokotala anafika kuchipatala m'mamawa, n'kukhala pa benchi mpaka masana. Atalowa, namwino anawauza kuti mtengo wa timakina unakwera chaka chimenecho. Zimene anabwera nazo zinkakwana khutu limodzi.

A Simbi anayang'ana ndalama zimene zinali m'manja mwawo. Zaka ziwiri za kuyenda wapansi, manyazi a paphwando, m'bale wotayika, zonsezo khutu limodzi. Akazi awo ndi amene anawagwira pabondo.

"Mukanagula ija, bwenzi lero tikubwerera opanda ndi limodzi lomwe," anatero motsitsa mawu. Aka kanali koyamba kuitchula sutiyo. Kenako anatembenukira kwa namwino. "Yambani ndi limene lingamve bwino."

Anasankha lamanzere. Dokotala atayatsa kamakinako, Kambalame anadzidzimuka, n'kugwira m'mphepete mwa mpando. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anafunsa chimene chinkalira. Inali fani ya kudenga.

Suti yotuwa ija inagulidwadi ndi kalaliki uja, ndipo mpaka lero amabwera nayo mwezi uliwonse kuti a Simbi aisite. Akaiyala pa thebulo, amaisirirabe. Amayala kansalu konyowa, amadinda mofatsa, amaipachika, osapita nayo kuseri kwa chitseko. Galasi lija analitembenuzira kukhoma okha, ndipo abwana sanafunse chifukwa. Mng'ono wawo amawapatsa moni akakumana panjira, moni wa anthu odziwana chabe. Jekete yakuda ili m'kabati ndi chidindo chake, ndipo simbi ya makala yayambanso kulemera pang'onopang'ono, chifukwa khutu lamanja likudikira. Oyandikana nawo agula mipando yatsopano ya sofa. A Simbi amadzerabe njira ya kuseri.

Kambalame analowa kalasi la mayeso. Amakhalabe kutsogolo, kumbali yamanja ya kalasi, kuti khutu lakumva liloze kwa aphunzitsi. Kuimba sanayambirenso, ngakhale mayi ake amati tsiku lina anamumva akung'ung'udza potsuka mbale.

Loweruka lina masana Kambalame anadzera kuntchito kwa bambo ake kuti abwerere limodzi. Anaima pa mzere wa madiresi, atawapatsa msana. A Simbi anaimika simbi, anapukuta manja, n'kuitana ndi mawu wamba, osakweza.

"Kambalame."

Mwana anatembenuka msanga, koma anatembenukira kolakwika, kukhomo, chifukwa khutu limodzi limamva mawu koma silidziwa kumene achokera. Anasakasaka ndi maso mpaka anawapeza.

"Ndili kuno," anatero a Simbi. Anazimitsa simbi, anatenga chipewa, ndipo potuluka anazungulira n'kukayenda kumanzere kwa mwana wawo.